Betty Stöve, Mlonda wa Pakhomo la Tenisi ya Amayi

Mu 1927 mtsikana wa zaka 23 wochokera m'tauni ya Almelo, kum'mawa kwa dziko la Netherlands, anapambana mpikisano waukulu wa tenisi wa ku France. Dzina lake anali Kea Bouman. M'ndime yotsiriza anagonjetsa Irene Peacock wa ku South Africa ndi 6-2, 6-4, natenga ulemu, koma m'thumba mwake simunalowe kanthu, pakuti masiku amenewo mipikisano ikuluikulu sinkalipira osewera. Tenisi inali ya ana a m'mabanja opeza bwino, otha kudzilipirira sitima ndi pogona. Aliyense wolandira ndalama poyera chifukwa chosewera ankatsekeredwa kunja kwa mipikisano yolemekezeka. Bouman anali atatenga kale mendulo ya malo achitatu ku Olympics ya ku Paris mu 1924, akusewera limodzi ndi Hendrik Timmer. Chakumapeto kwa 1927 anawoloka nyanja nakapambananso mpikisano watsopano wa Pacific Southwest ku Los Angeles, ndipo mu 1929 iye ndi Lilí Álvarez wa ku Spain anatenga chikho cha amayi awiriawiri ku France. Mu 1931 anakwatiwa, nasamukira ku Dutch East Indies, dziko limene lero ndi Indonesia, ndipo dzina lake linazimirira m'mipikisano ikuluikulu.

Kuyambira pamenepo palibe mayi wina wa ku Netherlands, mwa osewera oimirira, amene anapambanapo payekha umodzi mwa mipikisano inayi ya Grand Slam, yomwe ndi ya ku Australia, ya ku France, Wimbledon ndi US Open. Amene anafika pafupi kuposa onse ndi Betty Stöve. Anthu ambiri okonda tenisi akamva dzina lakeli amangoti: uja anagonja kwa Virginia Wade ku Wimbledon pamaso pa Mfumukazi Elizabeth II. Ndi zoona kuti anagonja. Koma kuweruza moyo wa mayiyu ndi tsiku limodzi lokhalo ndi kumulakwira, ndiponso ndi kusadziwa m'mene tenisi ya amayi inasandukira ntchito yodyetsa munthu.

Stöve anabadwa pa 24 Juni 1945 ku Rotterdam. Mzindawo unali bwinja. Ndege za Germany zinaphulitsa pakatikati pake pa 14 Meyi 1940, ndipo nyengo yozizira ya 1944 mpaka 1945 anthu a kumadzulo kwa dzikolo anavutika ndi njala imene inapha anthu zikwizikwi. Ufulu unabwera mu Meyi 1945, kutangotsala milungu yochepa kuti mwanayu abadwe. Anakulira m'mzinda umene unkamangidwanso, m'dziko limene tenisi imaseweredwa m'makalabu a m'madera, pansi pa bungwe la KNLTB lomwe linakhazikitsidwa mu 1899. Mabwalo ambiri a kumeneko anali a dothi lofiira, pamene mpira umachedwa ndipo wopirira ndi amene amapambana. Stöve anakula mosiyana ndi mabwalo akwawowo. Anali wamtali, mamita 1.80, wamapewa otambalala, womenya mpira mwamphamvu. Kaseweredwe kake kanali koponya sevisi yolemera n'kuthamangira ku ukonde kukaumaliza mpirawo usanagwe pansi. Tsiku limene dzanja lake lalondola, panalibe womuimitsa. Tsiku limene lasokonekera, mipira inkauluka kunja kwa mizere. Kusinthasintha kumeneku kunamutsatira moyo wake wonse wa m'bwalo.

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960, pa msinkhu umene wosewera amayenera kukhala akukwera, anadwala. Kachilombo kanamugwira, ndipo vutolo linakula chifukwa chithokomiro chake sichinkagwira bwino ntchito. Anakhala kunja kwa bwalo miyezi 18, nauzidwa kuti asadzasewerenso tenisi. Anachira, nabwerera. N'chifukwa chake zaka zake zabwino zinafika mochedwa: chikho chake choyamba cha Grand Slam anachitenga akuyandikira zaka 27, ndipo ndime yotsiriza ya Wimbledon anaifika ali ndi zaka 32, msinkhu umene anzake ambiri a nthawi imeneyo anali atapachika kale raketi.

Pamene iye ankalimbana ndi matenda, tenisi inali kusintha. Mu 1968 mipikisano ikuluikulu inatsegula makomo kwa osewera olipidwa, ndipo ndalama zimene kale ena ankalandira mwamseri zinayamba kuperekedwa poyera. Kugawa kwake ndiko kunaonetsa maganizo a oyendetsa masewerowa. Pa Wimbledon ya chaka chimenecho Rod Laver analandira mapaundi 2,000, pamene Billie Jean King, katswiri wa amayi, analandira mapaundi 750. M'malo moti mpata uchepe, unkakulirakulira. Mu 1970 mpikisano wa Pacific Southwest, womwe uja Kea Bouman anapambana mu 1927, unalengeza kuti mwamuna wopambana adzalandira madola 12,500 ndipo mkazi wopambana madola 1,500. Amayi 9, motsogozedwa ndi King, anakana kupitako. Anasainira mgwirizano wa dola imodzi aliyense ndi Gladys Heldman, mwini magazini ya World Tennis, nakachita mpikisano wawo ku Houston mu Sepitembala chaka chomwecho, mothandizidwa ndi kampani yopanga fodya wa Virginia Slims. Stöve sanali mmodzi mwa amayi 9 amenewo, koma posakhalitsa anakhala m'gulu la oyenda m'mipikisano yatsopanoyi, ndipo kumeneko ndi kumene anadziwana bwino ndi King.

Chaka cha 1972 ndi chimene dziko linamuzindikira. Iye ndi King anapambana chikho cha amayi awiriawiri ku France, napambananso ku Wimbledon. Ku US Open anagwirizana ndi Françoise Dürr wa ku France, nagonjetsa Margaret Court ndi Virginia Wade m'ndime yotsiriza. Zikho zitatu mwa zinayi m'chaka chimodzi, ndi anzake awiri osiyana.

Pano ndiyenera kuima pang'ono, chifukwa masewero a awiriawiri anthu amawaona ngati ndiwo zotsala. Pa televizioni saonetsedwa kawirikawiri, ndalama zake n'zochepa, ndipo nthawi zambiri amaikidwa madzulo anthu atayamba kutuluka m'bwalo. Komatu luso lake ndi lapadera. Wosewera yekha amayang'anira bwalo lake ndi mdani mmodzi. Wosewera awiriawiri ayenera kudziwa pamene mnzake waima popanda kumuyang'ana, kudziwa nthawi yodumphira mpira wa pakati ndi nthawi yomusiyira, kubweza sevisi mopingasa ndi motsika kuti mdani woima pa ukonde asaufikire. Mpira wa pa ukonde umabwera munthu asanaphethire, ndiye palibe nthawi yoganiza. Chachikulu kuposa zonse ndi mtima. Mnzako akalakwitsa mpira wosavuta pa nthawi yovuta, nkhope yako isasinthe, apo ayi mwagonja nonse. Stöve anapambana zikho za Grand Slam ndi King, Dürr, Martina Navratilova, Wendy Turnbull ndi Frew McMillan, anthu a mayiko asanu, a makhalidwe ndi kaseweredwe kosiyana kotheratu. Akatswiri sasankha mnzawo mwachifundo. Ankamufuna chifukwa ankawapambanitsa, ndiponso chifukwa ankadaliridwa. Ankayankhula zinenero 6, zimene zinamusandutsa mkhalapakati m'chipinda chosinthira zovala chodzaza ndi Amereka, Angerezi, Afalansa, Ajeremani ndi anthu a ku Australia.

Kudalirika kumeneku ndi kumene kunamuika pakhomo mu Juni 1973.

Chaka chimenecho amayi anali ogawikana. Ena ankasewera m'mipikisano ya Virginia Slims, ena, kuphatikizapo Chris Evert, Evonne Goolagong ndi Virginia Wade, ankasewera m'mipikisano ya bungwe la tenisi la ku America, ndipo akuluakulu a masewerowa ankaopseza kuti oukirawo adzaletsedwa ku Grand Slam. Amuna anali atapanga kale bungwe lawo la ATP mu 1972, ndipo mphamvu yake inaoneka nthawi yomweyo: osewera 81 ananyanyala Wimbledon ya 1973 poikira kumbuyo mnzawo Nikola Pilić wa ku Yugoslavia amene anaimitsidwa. Amayi analibe chotere. Aliyense ankadandaula payekha, naopsezedwa payekha.

Kutatsala masiku ochepa kuti Wimbledon iyambe, King anaitanitsa msonkhano ku hotela ya Gloucester ku London. Kunabwera osewera pafupifupi 60. Malamulo a bungwe anali atalembedwa kale mothandizidwa ndi mwamuna wa King, Larry, amene anali loya. Chotsala chinali kuti anthu avomere, ndipo King ankadziwa kuti misonkhano yotere imatha bwanji: wina ali ndi nthawi yokonzekera masewero, wina akuopa bungwe la kwawo, wina akufuna kukafunsa kaye, ndiye mmodzimmodzi amatuluka mpaka m'chipinda mutatsala mipando. Monga King mwini wake wakhala akusimba kwa zaka zambiri, anauza Stöve kuti aime pakhomo ndipo asalole munthu kutuluka kufikira bungwe litabadwa. Stöve anaima. Pamene chitseko chinatsegulidwa, bungwe la Women's Tennis Association, WTA, linalipo. King anasankhidwa pulezidenti, Wade wachiwiri wake, ndipo Stöve msungichuma.

Nkhaniyi anthu amakonda kuisimba moseka, kuti King anasankha mkazi wamtali ndi wamphamvu kuti awopseze anzake. Thupi linathandiza, sindikukana. Koma amayi 60 achikulire, odziwa kupikisana, sangatsekeredwe m'chipinda ndi munthu amene samukhulupirira. Woima pakhomo anayenera kukhala munthu amene magulu onse awiri akanamumvera, wosachokera ku America kumene kunali phata la mkangano, wotha kuyankha aliyense m'chinenero chake. Ndipo tsiku lomwelo anamupatsa thumba la ndalama. M'gulu lililonse latsopano, kaya la alimi kaya la ochita malonda, usungichuma supatsidwa kwa wodziwa kuyankhula koma kwa amene anthu atsimikiza kuti sadzawabera. Pambuyo pake Stöve anatsogolera bungwe la osewerali ngati pulezidenti maulendo atatu, akuseweranso nthawi yomweyo.

Zipatso sizinachedwe. US Open ya 1973 inakhala Grand Slam yoyamba kulipira amuna ndi akazi mofanana: John Newcombe ndi Margaret Court analandira madola 25,000 aliyense. Pa 20 Sepitembala King anagonjetsa Bobby Riggs ku Houston, 6-4, 6-3, 6-3, pamaso pa anthu mamiliyoni oonera pa televizioni. Mu Novembala 1975 WTA inayamba kusanja osewera ndi kompyuta, kuti kulowa m'mpikisano kudalire zimene munthu wachita m'bwalo, osati kukondedwa ndi mwini mpikisano. Dziko limakumbukira masewero a King ndi Riggs chifukwa anali chionetsero. Koma chimene chinakhalitsa ndi bungwe, ndi malamulo ake, ndi kaundula wake, ntchito yosaoneka imene anthu ngati Stöve ankaigwira m'zipinda za m'mahotela pakati pa masewero.

Tsopano tifike ku 1977. Wimbledon inkakwanitsa zaka 100, ndipo Mfumukazi Elizabeth II ankakwanitsa zaka 25 ali pampando. Dziko la Britain linali m'chikondwerero, mbendera paliponse, ndipo zinadziwika kuti Mfumukazi adzabwera kudzaonera ndime yotsiriza ya amayi, ulendo wawo woyamba ku Wimbledon chiyambire 1962. Anthu a ku Britain ankalota kuti amayi awo awiri, Virginia Wade ndi Sue Barker, adzakumana m'ndime imeneyo. Stöve, amene anaikidwa pa nambala 7, ndiye anasokoneza malotowo. M'ndime ya osewera 8 anagonjetsa Navratilova, amene anali pa nambala 2 komanso mnzake wa masewero a awiriawiri pa mpikisano womwewo. M'ndime ya osewera anayi anachotsa Barker. Kumbali inayo Wade anagonjetsa Chris Evert, amene anali kuteteza chikhocho.

Pa 1 Julaye 1977 Stöve analowa m'bwalo la Centre Court podziwa kuti pafupifupi aliyense wokhala m'mipandomo akufuna kuti iye agonje. Wade, amene anabadwira ku England koma anakulira ku Durban kumene bambo wake anali m'busa, anali kuyesa Wimbledon kachi 16, ndipo anthu ankaona kuti mwayi wake wotsiriza ndi umenewu. Stöve anatenga seti yoyamba 6-4. Bwalo linazizira. Seti yachiwiri inafika pa 3-3, ndipo apa mayi wa ku Rotterdam anali pafupi ndi chikho kuposa mmene mkazi aliyense wa kwawo anafikirapo pa bwalo limeneli. Kenaka zinatembenuka. Wade anayamba kubweza chilichonse, khamu linadzuka, ndipo dzanja la Stöve lija losinthasintha linamutaya. Pa magemu 10 otsiriza anatengapo imodzi yokha. Wade anapambana 4-6, 6-3, 6-1, nalandira mbale yasiliva kuchokera m'manja mwa Mfumukazi, khamu likumuimbira. Analandiranso mapaundi 13,500, pamene Björn Borg, katswiri wa amuna, analandira mapaundi 15,000. Mpata uja wa 1968 unali utachepa kwambiri, ndipo amayi awiri amene anaima m'bwalomo tsiku limenelo onse anali m'chipinda cha ku Gloucester zaka zinayi m'mbuyomo.

Mavuto a Stöve sanathere pamenepo. Anali atafikanso ndime yotsiriza ya amayi awiriawiri ndi Navratilova, ndipo anagonja kwa Helen Gourlay Cawley ndi JoAnne Russell. Anali atafikanso ndime yotsiriza ya awiriawiri osakaniza amuna ndi akazi, ali ndi Frew McMillan, ndipo atatenga seti yoyamba anagonja kwa Bob Hewitt ndi Greer Stevens. Ndime zotsiriza zitatu pa Wimbledon imodzi, zonse zitatu anagonja. Anthu amatchula zimenezi ngati tsoka la mayiyu. Ine ndimaziona mwina. Kuti munthu afike ndime zotsiriza zitatu ayenera kusewera pafupifupi tsiku lililonse kwa milungu iwiri, masiku ena kawiri kapena katatu, ndi kupambana masewero onse kufikira kumapeto. Wa zaka 32, amene madokotala anamuuza kale kuti aiwale za tenisi, anachita zimenezo. Akatswiri a masiku ano ambiri sayerekeza n'komwe kulembetsa m'zigawo zonse zitatu.

Ndipo chimene chimaiwalika ndi zimene zinachitika patangopita miyezi iwiri. Ku US Open, chaka chotsiriza chimene mpikisanowu unachitikira ku Forest Hills, Stöve anafika ndime ya osewera anayi payekha, nagonja kwa Evert. Kenaka anatenga chikho cha amayi awiriawiri ndi Navratilova, natenganso cha osakaniza ndi McMillan, pogonjetsa King ndi Vitas Gerulaitis. Anzake omwe aja anagonja nawo ku London ndi amene anapambana nawo ku New York. Chaka chimenecho anafika pa nambala 5 padziko lonse, ndipo kwawo anamusankha kukhala mkazi wopambana pa zamasewero wa chakacho.

Ubale wake ndi McMillan unakhala wautali ndi wobala zipatso. McMillan, wa ku Springs ku South Africa, wodziwika ndi kachipewa koyera, ankagwira raketi ndi manja awiri mbali zonse, zimene zinkamupatsa kulondola koma kumuchepetsera pofikira. Stöve ndi mikono yake yaitali ankatseka mpatawo. M'masewero osakaniza njira yakalekale ndi yolunjika mipira yonse kwa mkazi poganiza kuti ndiye wofooka. Pa awiriwa njira imeneyo inkabweza moto. Anapambana Wimbledon ndi US Open mu 1978, ndipo mu 1981, Stöve ali ndi zaka 36, anatenganso Wimbledon pogonjetsa John Austin ndi mlongo wake Tracy, amene ankateteza chikhocho. Wowerenga wa kum'mwera kwa Africa kuno sangalephere kuona kuti zonsezi zinkachitika pamene mayiko ambiri ankasala South Africa pa zamasewero chifukwa cha tsankho la apartheid. Mu 1974 dzikolo linapatsidwa Davis Cup popanda kusewera ndime yotsiriza chifukwa India inakana kukumana nalo, ndipo McMillan ndi Hewitt anali m'timu imeneyo. Tenisi, poti ndi masewero a munthu payekha, inapitiriza kulandira azungu a ku South Africa m'mipikisano yake pamene Akuda a kumeneko ankatsekeredwa kunja kwa makalabu. Masewero amene anamenyera chilungamo cha amayi molimba chotere anachedwa kwambiri pa chilungamo cha khungu, ndipo mbiri yoona iyenera kunena zimenezo.

Mu 1979 Stöve ndi Wendy Turnbull wa ku Australia anapambana ku France ndi ku US Open. Pakati pa mipikisano iwiriyi anafikanso ndime yotsiriza ku Wimbledon, nagonja kwa King ndi Navratilova, tsiku limene King anatenga chikho chake cha 20 pa Wimbledon. Zonse pamodzi Stöve anapambana zikho 10 za Grand Slam: 6 za amayi awiriawiri ndi 4 za osakaniza.

Asanasiye n'komwe kusewera anali atayamba ntchito ina. Mu 1980 anakhala mphunzitsi wa Hana Mandlíková, mtsikana wa zaka 18 wa ku Prague, mwana wa katswiri wothamanga. Masiku amenewo mphunzitsi wamkazi woyenda ndi wosewera wapamwamba anali wosowa, ndipo ngakhale lero ndi ochepa. Mandlíková anali ndi luso limene anthu ankati silinaonekepo, koma mtima wake unali wosakhazikika: lero agonjetsa katswiri wa dziko lonse, mawa agonja kwa munthu wosadziwika. Stöve ankalidziwa vuto limeneli kuchokera m'thupi mwake. Anakhala limodzi zaka 10. Mandlíková anapambana ku Australia mu 1980, pogonjetsa Turnbull yemwe uja, mnzake wa mphunzitsi wake. Anapambana ku France mu 1981 atachotsa Evert pa dothi, pamene Evert sankagonja wamba. Mu 1985 anachita chimene chinkaoneka chosatheka m'zaka zimenezo: anagonjetsa Evert ndi Navratilova motsatizana natenga US Open. Mu 1987 anagonjetsanso Navratilova m'ndime yotsiriza ku Australia. Pa nthawi imene amayi awiriwo ankagawana pafupifupi chikho chilichonse, wophunzira wa Stöve ndi amene ankawalanda kawirikawiri kuposa wina aliyense kufikira kubwera kwa Steffi Graf. Stöve ndi Mandlíková analemba limodzi buku lophunzitsa masewerowa lotchedwa Total Tennis.

Wimbledon yokha ndi imene inakanabe. Mandlíková anafika ndime yotsiriza mu 1981 ndi mu 1986, nagonja maulendo onse awiri. Atapuma, iye naye anakhala mphunzitsi wa Jana Novotná, wosewera wina wothamangira ku ukonde, amene anagonja kwa Graf mu 1993 atatsogola kwambiri m'seti yotsiriza, nagonjanso kwa Martina Hingis mu 1997. Mu 1998 Novotná anapambana, pogonjetsa Nathalie Tauziat. Sindinganene kuti chikho chimenecho ndi cha Stöve. Koma nzeru imayenda kuchokera kwa mphunzitsi kupita kwa wophunzira, ndipo mzere wa amayi atatuwa, wina kuphunzitsa wina, ndi chinthu chosowa m'masewero amene aphunzitsi ake ambiri ndi amuna. Stöve anadzakhalanso mkazi woyamba kulowa m'komiti yoyendetsa bungwe la tenisi la dziko lonse, ITF, bungwe limene amayi ankalimbana nalo iye ali wosewera.

Kwawo ku Netherlands anabwera ena pambuyo pake. Manon Bollegraf anatenga zikho zinayi za Grand Slam za osakaniza pakati pa 1989 ndi 1997. Brenda Schultz-McCarthy wa ku Haarlem, wamtali mamita 1.88, wa sevisi yoopsa, anafika ndime ya osewera 8 ku Wimbledon ndi ku US Open mu 1995, nakwera mpaka nambala 9 mu 1996. Mu 1997 timu ya dzikolo inafika ndime yotsiriza ya Fed Cup, nigonja kwa France pakhomo pawo ku 's-Hertogenbosch. Kristie Boogert, amenenso anaphunzitsidwapo ndi Stöve, anatenga mendulo yasiliva ndi Miriam Oremans ku Olympics ya ku Sydney mu 2000, atagonja kwa Venus ndi Serena Williams. Mukaona bwino, mphamvu ya amayi a dziko limeneli yakhala ikuonekera kwambiri m'masewero a awiriawiri, njira imene Stöve analambula.

Nambala 5 ya Stöve ija inakhala yosafikiridwa ndi mayi wina wa kwawo zaka 42. Amene anaipitirira ndi Kiki Bertens wa ku Wateringen, wobadwa mu 1991, mwana weniweni wa mabwalo a dothi. Anafika ndime ya osewera anayi ku France mu 2016, nagonja kwa Serena Williams. Chakumapeto kwa 2017 anatopa ndi moyo wa tenisi mpaka anaganiza zosiya, koma anapitiriza, napambana ku Cincinnati mu 2018 ndi ku Madrid mu 2019, konseko pogonjetsa Simona Halep m'ndime yotsiriza. Mu Meyi 2019 anakhala nambala 4 padziko lonse. Anapuma mu 2021 atasewera ku Olympics ya ku Tokyo, ali ndi zikho 10 za WTA payekha ndi ndalama zopambana zoposa madola 11 miliyoni. Stöve, pa zaka zake zonse ndi zikho zake 10 za Grand Slam, anapeza zongopitirira pang'ono madola 1 miliyoni. Mphamvu ya dola inasintha, inde, koma kusiyanaku kukuonetsanso kukula kwa bungwe lija. Wimbledon nayo inagonja pa nkhani yolipira mofanana mu 2007, pamene Venus Williams analandira mapaundi 700,000, chimodzimodzi ndi Roger Federer.

Pali amayi ena a ku Netherlands amene sindingawadumphe, amene anachita zimene oimirira onse sanachite. Esther Vergeer wa ku Woerden, amene anafa miyendo ali ndi zaka 8 pambuyo pa opaleshoni ya pamsana, anapambana masewero 470 otsatizana a tenisi ya panjinga za olumala, kuyambira 2003 mpaka pamene anapuma mu 2013, ndi mendulo zagolide za payekha pa Paralympics zinayi, kuyambira ku Sydney mpaka ku London. Diede de Groot, wa m'tauni yomweyo, anatenga Grand Slam zonse zinayi ndi golide wa Paralympics m'chaka chimodzi cha 2021. Imeneyo ndi mbiri yofunika nkhani yakeyake.

Wina akandifunsa kuti wosewera wamkulu wa tenisi ya amayi oimirira ku Netherlands ndi ndani, ndikudziwa kuti Bouman ali ndi chikho cha 1927 ndipo Bertens ali ndi nambala 4. Yankho langa ndi Betty Stöve. Anapambana pa udzu, pa dothi ndi pa bwalo lolimba, anathandiza kumanga bungwe limene limalipira mtsikana aliyense wolowa m'tenisi yaukatswiri lero, analisungira chuma ndi kulitsogolera, naphunzitsa katswiri wa zikho zinayi za Grand Slam. Chiyambire 1977 palibe mayi wina wa dziko lake, mwa oimirira, amene wafikanso ndime yotsiriza ya Grand Slam payekha.